Wothawa, wobwerera kwawo kapena mwamuna wachinsinsi: novelo ya chikondi ndi zoopsa yoti muyambe nayo ndi iti?

Pali mtundu wina wa manovelo woti ukangokugwira tulo umaiwala, uja woti mkazi watsika basi mu katauni kakang'ono ndi kachikwama kamodzi kokha, sakufuna kuuza aliyense komwe wachokera, kenako wakumana ndi mwamuna woti mtima ukumufuna koma nzeru zikukana, nde kwinaku kuli munthu amene akumusakasaka usiku ndi usana. Pachingerezi amati romantic suspense, chikondi ndi zoopsa mumphika umodzi. Ine mabuku amenewa ndimawakonda zedi, ena mpaka ndinachita kuwabwereza kawiri katatu, ndipo anzanga akandifunsa kuti ayambe ndi liti sindithamangira kutchula dzina la buku ayi, ndimayamba ndawafunsa kaye kuti kodi inuyo mumafuna chinsinsi chikhale ndi ndani. Chifukwa pachikuto onse amangofanana, kanyumba m'mbali mwa nyanja, kamwezi, mkazi wapotoloza khosi kuyang'ana m'mbuyo, koma mkatimo ndi mabuku osiyana kwambiri kutengera amene wasunga chinsinsicho. Mwina ndi mkazi, mwina ndi mwamuna, mwina ndi tauni yonse, nthawi zina ngakhale mwini wakeyo sakuchidziwa.

Musanasankhe dziwani kaye lamulo limodzi. Buku la chikondi limayenera kuthera pabwino, awiriwo akhale limodzi basi. Bungwe la olemba la ku America la Romance Writers of America, lomwe linayamba mu 1980, limanena zomwezo, kuti phata la nkhani likhale chikondi ndipo mathero akhale okhutiritsa mtima. Nde mukamawerenga mumadziwa kale kuti awiriwa safa. Ena amafunsa kuti nanga mantha achokera pati ngati mathero akudziwika, koma ine ndimaona kuti luso la wolemba limaonekera pomwepo, poti funso silikhala loti apulumuka kapena ayi, limakhala loti ataya chiyani kuti apulumuke, komanso chinsinsi chikaphulika adzayang'anana bwanji m'maso.

Tiyambe ndi wothawa uja, poti ndi amene ambiri amakumana naye koyamba. Apa chinsinsi chili ndi mkazi, ife owerenga timachidziwa kuyambira pachiyambi kapena timachinunkhiza msanga, koma anthu a m'taunimo sakudziwa kanthu. Mwina wathawa mwamuna wankhanza amenenso ndi wapolisi kapena mpondamatiki woti dzanja lake limafika patali, mwina anaona munthu akuphedwa ndipo ophawo akudziwa kuti anaona. Chimene chimandikoka mu mtundu umenewu ndi tizinthu ting'onoting'ono. Wolemba wodziwa ntchito sangokuuzani kuti mayiyu ali ndi mantha, amakuonetsani akuimika galimoto chobwerera m'mbuyo kuti mutu uloze kumsewu, tsiku lililonse, olo angotsika kwa mphindi ziwiri. Mu lesitilanti amasankha mpando woti msana uli kukhoma maso ali pakhomo. Chikwama sachimasula chonse, chili kuseri kwa chitseko ndi ndalama zosokerera mkati. Munthu akamuitana ndi dzina latsopanolo amachedwa pang'ono kucheuka, kachedwedwe ka sekondi imodzi yokha chifukwa dzinalo silinalowebe m'magazi, nde mwamuna uja amene wayamba kumukonda ndi yekhayo amene wakazindikira kachedwedwe kameneko, koma sakunena kanthu, akungosunga mumtima kudikira kuti mwiniwake adzanene yekha. Pamalo ngati amenewo ine ndimaika buku pachifuwa kaye kuti ndipume.

Katauniko kamamugulitsa komanso kamamuteteza nthawi yomweyo. Mlendo sabisika malo oti anthu onse amadziwana, aliyense akufuna adziwe kuti ndi mwana wa ndani, anakwatiwapo kapena ayi, n'chifukwa chiyani amalipira ndi ndalama zapamanja osati khadi. Koma tsiku limene munthu wachilendo afike ndi chithunzi m'manja akufunsa kuti mkaziyu munamuonapo, mnyamata wa pomwetsera mafuta amangopukusa mutu kuti sakumudziwa, galimoto ikangochoka iye foni ili kukhutu kale kuchenjeza. Miseche yomwe ija imene imamusowetsa mtendere ndi imene imadzamupulumutsa, ndipo buku labwino limakuonetsani kusintha kumeneku pang'onopang'ono.

Mabuku ambiri a mtundu uwu amatsamira pa chinthu chenicheni. Ku America kulidi pulogalamu ya boma yobisa mboni, amaitchula kuti WITSEC, inabwera ndi lamulo la 1970 lolimbana ndi magulu a zigawenga ndipo inayamba kugwira ntchito mu 1971, amaiyendetsa ndi apolisi a boma lalikulu otchedwa US Marshals. Mboni imapatsidwa dzina latsopano ndi mapepala atsopano, imasamutsidwira kutali, ndipo lamulo lalikulu ndi loti usabwerere kwanu, usamangolumikizana ndi anthu ako akale mmene wafunira. Nkhani imamera pomwepo, poti munthu amene wamva kuti mayi ake ali m'chipatala angapirire mpaka liti osaimba foni. Chinanso, ambiri mwa anthu amene amalowadi mu pulogalamuyi amakhala kuti nawonso anali m'magulu omwewo, si anthu ongodutsa amene anaona mwangozi. Olemba ambiri amasankha mkazi woyera ngati pepala, koma ine ndimakonda kwambiri akakhala kuti nayenso ali ndi kake kamene anachita, anasainako chikalata china, anakhala chete nthawi yoti akanalankhula, chifukwa tsiku loulula kwa wokondedwa wake limakhala lolemera ndithu, si kungoti pepani dzina langa lenileni ndi lakuti.

Vuto la wothawa ndi pakati pa buku. Woipa timamudziwa kale, nde machaputala ambiri timangodikira kuti afika liti, ndipo wolemba akakhala waulesi pakatipo pamangodzaza maulendo oyenda m'mbali mwa nyanja ndi kupenta nyumba. Ndipo chimene chimandikwiyitsa kwambiri ndi ichi, mkazi amene wadzisunga yekha zaka zisanu, wochenjera kuposa apolisi, kumapeto wolemba amamusandutsa chitsiru, akutuluka panja usiku yekha, foni wasiya patebulo, cholinga choti mwamuna apeze pomupulumutsira. Zimenezo ndi kunyoza munthu amene tayenda naye masamba 300. Ngati mumakonda nkhani ya munthu amene akuphunziranso kukhulupirira anthu atavulazidwa, yambani ndi uwu, koma dziwiranitu kuti ena amafotokoza nkhanza za m'banja mosabisa, nde ngati zimenezo zimakutsegulirani chilonda ndi bwino muone kaye zomwe ena anena za bukulo.

Tsopano wobwerera kwawo, ndipo ndinene poyera kuti uyu ndi amene ndimamuika pamwamba pa onse. Munthu anachoka ali wachinyamata, mchemwali wake kapena mnzake wapamtima atasowa, mtembo sunapezeke, kapena unapezeka koma amene anamangidwa aliyense pansi pamtima akudziwa kuti si iyeyo. Papita zaka 15 kapena 20, bambo amwalira, akuyenera kubwerera kukalongosola za nyumba, akuti akhala sabata imodzi yokha. Apa chinsinsi sichili ndi munthu mmodzi, chili ndi tauni yonse, aliyense ali ndi kachidutswa kake, wina anaona galimoto usiku umenewo, wina anachapa malaya a magazi a mwana wake osafunsa, wina anasintha ola mu lipoti. Palibe amene akudziwa zonse koma onse akudziwa kuti osayankhula.

Taganizani akulowa mu sitolo tsiku loyamba, kabelu ka pachitseko kalira, anthu atatu amene amacheza pakauntala angoti zii. Kenako mayi wina wachikulire amene anamuphunzitsa ku pulayimale akumuthamangira, kumukumbatira mwamphamvu mpaka misozi, kumugwira masaya kuti wafanana ndi mayi ako, kenako akumwetulirabe choncho akufunsa kuti, "Nde ukhala masiku angati?" Funso limenelo ndi moni komanso ndi kupirikitsa, ndipo iwe wowerenga sukudziwa kuti misozi ija inali yeniyeni kapena ayi, mwinanso zonse ziwiri ndi zoona. Chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere, katauni ka maluwa pakhonde ndi tchalitchi choyera, koma ukangosenda pang'ono zimatuluka.

Chikondi mu mtundu uwu sichichita kukakamizidwa chifukwa chinalipo kale. Mwamunayo nthawi zambiri ndi chibwenzi chakale chimene anachisiya osatsanzika, kapena ndi mchimwene wa amene ankaganiziridwa, kapena pano ndi sheriff, mkulu wa apolisi a m'deralo. Za sheriff zi zili ndi pake, ku America m'madera ambiri sheriff amachita kusankhidwa pa voti, si kungotumizidwa ndi likulu, nde anthu amene akuyenera kuwafunsa mafunso owawa ndi omwewo amene anamuvotera, amene amapemphera nawo, mwinanso amene analipo pampando asanabwere iye ndi bambo ake omubereka ndipo failo imene mkaziyu akufuna itsegulidwe ili ndi siginecha yawo. Apa mukuona kuti sangamukonde mkaziyu popanda kupereka wina wake, ndipo sangateteze kwawo popanda kumunamiza mkaziyu. Mfundo yomangika chonchi ndi imene ndimaifuna mu buku.

Ndipo milandu yakale imatsegukadi. Ku America mlandu wakupha suola, olo papite zaka zingati munthu atha kuzengedwabe. Komanso chibwerereni njira yoyeza DNA, chizindikiro cha m'thupi chimene chimasiyanitsa munthu ndi mnzake, zinthu zinasintha. Koyamba kugwiritsa ntchito DNA pa mlandu wakupha kunali ku England mu 1986, osati mu mzinda waukulu ayi, m'midzi ing'onoing'ono ya Narborough ndi Enderby ku Leicestershire, komwe atsikana awiri anaphedwa, wina mu 1983 wina mu 1986. Njira yake anaitulukira ndi Alec Jeffreys wa pa yunivesite ya Leicester, ndipo chinthu choyamba chimene DNA inachita sikunali kugwira wolakwa, kunali kumasula mnyamata amene anali atavomera kale mlandu woti sanapalamule. Kenako apolisi anayeza amuna pafupifupi 5,000 a m'deralo, wakupha weniweni anatuma mnzake wa kuntchito kuti akapereke magazi m'malo mwake, nde mnzakeyo tsiku lina anazilankhula pomwera mowa wina n'kumva, khoswe wa padenga n'kuulula wa padzala. Anamupeza wolakwa mu 1988, munthu wapabanja, wogwira ntchito yophika buledi, wa komweko. Ndikamawerenga novelo ya wobwerera kwawo ndimakumbukira nkhani imeneyi, kuti zija zoti wakupha ndi munthu amene mumapatsana naye moni m'mawa si zongopeka za olemba.

Koma mtundu uwu umafuna kudekha. Mayina amachuluka, mabanja atatu anayi, machaputala ena akubwerera m'mbuyo ku chaka chimene mtsikana anasowa ena ali lero, nde ngati mumawerenga masamba asanu lero ena asanu Lachisanu musokonezeka. Komanso pali chinyengo china chimene olemba ena amachita. Ndinawerengapo buku lina lalikulu, masamba opitirira 400, ndinakhala mausiku atatu ndikulemba m'mutu kuti uyu anali kuti uyu ananama pati, kumapeto wakupha n'kukhala bambo wina amene anangotchulidwa mzere umodzi pa chaputala chachiwiri akutchetcha kapinga. Zinandipweteka kwambiri, chifukwa lonjezo la mtundu umenewu ndi loti wolakwa akhale munthu amene ifenso owerenga tamukonda, woti akaululika mtima uwawe, tibwerere m'mbuyo kukaona kuti zizindikiro zinalipo koma sitinafune kuziona mofanana ndi anthu a m'taunimo.

Mtundu wachitatu ndi gogo wa yonseyi, uja woti chinsinsi chili ndi mwamuna ndipo funso ndi loti kodi amene ndikumukondayu si amene adzandiphe. Mizu yake ndi yakale, Jane Eyre ya Charlotte Brontë inatuluka mu 1847, mwamuna wabisa mkazi wake woyamba m'chipinda cham'mwamba, kenako Rebecca ya Daphne du Maurier mu 1938, mkazi wachiwiri akukhala m'nyumba yoti chilichonse chikununkhabe mkazi woyamba amene anafa mosadziwika bwino. M'zaka za m'ma 1960 mabuku otere anachuluka zedi, zikuto zake pafupifupi zonse mkazi akuthawa usiku, kumbuyo kwake chinyumba chachikulu windo limodzi lokha likuwala. Amati gothic. Masiku ano chinyumba chija chinasanduka nyumba ya kumapeto kwa tauni, mwamunayo mkazi wake anamira mu nyanja zaka zitatu zapitazo, khoti silinamupeze wolakwa koma tauni inamuweruza kale, palibe amene amamupatsa ntchito, ana amawoloka msewu akamuona.

Mphamvu yake ndi yoti zoopsa ndi chikondi zili mwa munthu mmodzi, simungazilekanitse. Dzanja limene likumugwira paphewa ndi lomwelo limene akuliopa. Akamva mapazi pakhonde usiku sakudziwa ngati asangalale kapena atseke chitseko. Palibe mtundu wina umene umakweza mtima ngati uwu ukalembedwa bwino.

Koma lamulo lija la mathero abwino limaufooketsa, poti tikudziwa kuti mwamunayu sangakhale chilombo chenicheni, apo ayi bukulo silikanakhala la chikondi. Nde wolemba amayenera kumupatsa mlandu wina weniweni, mwina sanaphe koma anabisa amene anapha, mwina usiku umenewo anamva mkazi wake akuitana iye osadzuka chifukwa anali atakangana. Akangomuyeretsa yense kuti zonse zinali mabodza a anthu, buku limaphwa ngati tayala. Ndipo pali china chimene ndimachitenga mozama, mabuku ena a mtundu uwu, makamaka akalewo komanso ena atsopano amene amadzitcha amdima, amatenga nkhanza n'kuziveka suti ya chikondi. Mwamuna akumukalipira, akumuletsa kutuluka, akumulanda foni, akumutsatira kulikonse, kenako tikuuzidwa kuti n'chifukwa amamukonda kwambiri ndipo ali ndi mabala a mumtima. Ine zimenezo ayi. Kukhala chete ndi kukhala ndi chisoni ndi zina, kulamulira munthu ndi zina, ndipo ndimafuna mkazi wa m'bukumo akhale wodziwa kusiyanitsa. Pa ichi ndimamupatsa ulemu Mary Stewart, mayi wa ku Britain amene anayamba kutulutsa mabuku m'zaka za m'ma 1950 ndipo ambiri amamuwerengera kuti ndi mmodzi mwa amene anaumba romantic suspense ya masiku ano, chifukwa akazi ake amaganiza, amafunsa, amachitapo kanthu okha osadikira kunyamulidwa.

Wachinayi sinditaya naye nthawi yambiri ngakhale ndi amene amatuluka mochuluka. Ndi uja wa mtetezi, mwamuna ndi wapolisi, msilikali wopuma, bodigadi kapena woweta ng'ombe wa ku Montana, Wyoming kapena Texas ku America amene amadziwa mfuti, mkazi ali pangozi, chipale chofewa chatseka msewu, netiweki kulibe, ali awiriwiri mu kanyumba ka m'phiri. Kampani ya Harlequin, imene inayambira ku Winnipeg ku Canada mu 1949, ili ndi mndandanda wa mabuku otere wotchedwa Harlequin Intrigue kuyambira 1984, amatuluka angapo mwezi ulionse, aafupi oti masiku awiri mwamaliza. Ubwino wake ndi liwiro, tsamba loyamba lomwe chipolopolo chaswa kale windo, palibe zozungulira. Kuipa kwake ndi komweko, nkhani yonse imachitika masiku atatu kapena anayi nde anthu amene Lolemba samadziwana Lachinayi akukambirana za ukwati, ndipo mbiri yobisika ija imangokhala ndime ziwiri zofotokozera chifukwa chake mwamunayo sagona tulo. Katauni nako kamangokhala ngati chithunzi chapakhoma. Ndimawawerenga ndikatopa, paulendo wautali kapena ndikamaliza buku lolemera, ndipo amagwira ntchito yawo bwinobwino, koma pakatha mwezi mayina a anthu ake ndimakhala nditaiwala. Amene amatuluka bwino ndi aja oti mkazinso ali ndi ntchito yake pa mlanduwo, ndi dokotala woyeza mitembo, loya, wofufuza za moto, osati katundu wongosungidwa.

Palinso uja woiwala, mkazi wapezeka m'mbali mwa msewu mutu uli magazi, sakudziwa dzina lake, ali ndi mphete pachala kapena kiyi m'thumba woti sakudziwa chitseko chake. Chinsinsi chabisika kwa mwini wake yemwe. Poyambira pake pamakoka kwambiri, ndipo funso loti nanga ndikadzakumbuka n'kupeza kuti woipa ndine, kapena kuti ndili ndi mwamuna ndi ana kwinakwake, ndi funso lamphamvu. Koma ndi mtundu umene umagwa kawirikawiri, chifukwa kukumbuka kumangobwera nthawi imene wolemba akukufuna, chidutswa chidutswa ngati wina akutsegula mpopi. Kuchipatala kuiwala moyo wako wonse ndi dzina lomwe n'kosowa kwambiri, munthu akavulala mutu nthawi zambiri amataya zimene zinachitika pafupi ndi ngoziyo kapena amavutika kusunga zatsopano. Zimachitikako zodabwitsa inde, Agatha Christie, wolemba manovelo ofufuza milandu wa ku England, anasowa masiku 11 mu December 1926 n'kukapezeka mu hotela ku Harrogate atalembetsa dzina lina, ndipo madokotala panthawiyo anati anaiwala, ngakhale anthu mpaka lero amatsutsanabe za zimene zinachitikadi. Ndinganene kuti musayambe ndi uwu, mudzauyese mukazolowera enawo.

Kupatula mitunduyi pali zinthu ziwiri zimene zimadutsa monsemo ndipo anthu amakhumudwa nazo chifukwa chosafunsa. Choyamba ndi za kuchipinda. Ena amafotokoza zonse osasiya kanthu, ena chitseko chimatsekedwa mukangoona kupsompsonana, ndipo pali ena achikhristu, monga a mndandanda wa Love Inspired Suspense wa kampani yomwe ija ya Harlequin, oti mulibe zogonana kapena kutukwana ndipo pemphero ndi gawo la nkhani. Musaganize kuti oyerawo ndi ozizira ayi, zipolopolo zimaulukabe, ndipo nthawi zina chikondi choti anthu sanagwirane n'komwe chimatentha kuposa china chija. Chachiwiri ndi kuchuluka kwa magazi, pali mabuku oti zoopsa zake ndi kalata yoopseza ndi mabuleki odulidwa, pali ena oti machaputala ena mumakhala m'mutu mwa wakupha akusankha munthu wotsatira. Chikuto sichinena zimenezi, mabuku awiri a kanyumba kofanana atha kukhala kuti lina mugona nalo bwino lina mudzuka pakati pausiku kukaona ngati mwakiya.

Za masiriizi, olemba ambiri amamanga katauni kamodzi n'kulemba mabuku asanu kapena asanu ndi limodzi momwemo, lililonse banja lake, nthawi zambiri abale apachibale kapena anzawo a pa polisi imodzi. Kukoma kwake ndi koti umafika podziwa misewu, umadziwa amene ali ndi lesitilanti, awiri amene anavutika mu buku loyamba umawapeza mu lachitatu ali ndi mwana. Ngati pali mlandu umodzi waukulu umene ukuyenda mabuku onse, yambirani loyamba basi musadumphe. Chovuta n'choti pofika buku lachisanu katauni ka anthu ochepa kamakhala kataona akupha asanu osiyana, nde mantha amayamba kuchepa, umangodziwa kuti mlendo aliyense wofika ndi vuto. Buku loima palokha limakhala ndi ufulu wotentha tauni yonse ngati nkhani ikufuna, kugwetsa banja lolemekezeka, kutseka tchalitchi, poti silikusungira buku lotsatira.

Ine ndili ndi kayesedwe kanga kamene ndimachita ndikafika cha pa chaputala chachinayi kapena chachisanu, ndipo kamagwira pa mitundu yonseyi. Ndimachotsa wakuphayo m'mutu mwanga n'kudzifunsa kuti awiriwa akanakondanabe chimodzimodzi, nthawi yomweyo, mawu omwewo? Ngati yankho ndi eya nde kuti zoopsazo anangozimata pamwamba. Kenako ndimachotsa chikondicho n'kufunsa kuti mlanduwu ukanathekabe chimodzimodzi? Ngati eyanso nde kuti ndi nkhani ya apolisi imene aiwazako kupsompsonana. Buku limene ndimapitiriza ndi loti ukachotsa chimodzi chinacho chimagwa, loti mkazi akangoyamba kukonda ndi pamene akudziika pangozi chifukwa wasiya kuthawa, kapena mwamuna akangoyandikira choonadi ndi pamene akuyandikira kutaya mkaziyo. Pa mayeso amenewa wobwerera kwawo ndi mwamuna wachinsinsi amakhoza kawirikawiri, wothawa amakhoza wolemba akalimba pakati paja, mtetezi nthawi zambiri amalephera funso loyamba.

Nde mnzanga amene sanawerengepo ngakhale limodzi ndimamupatsa la wothawa, chifukwa ndi losavuta kulowamo ndipo mtima umamugwira mkaziyo kuyambira tsamba loyamba. Amene amakonda kale nkhani zofufuza milandu ndipo amati zachikondi zimamutopetsa ndimamupatsa la wobwerera kwawo, loima palokha, makamaka loti sheriff ndi mwana wa sheriff wakale, ndipo ndimamuuza kuti aliyambe Lachisanu madzulo osati pakati pa sabata. La mwamuna wachinsinsi ndimasungira amene ndikudziwa kuti akafika pamene mwamunayo walanda foni aima n'kunditumizira uthenga wokwiya, poti ameneyo ndi amene tidzakambirane naye bwino za chipinda cham'mwamba chija.